Chikwama cha Feki M'manja mwa Nerina

Ana a Ottavio Busetto anakula akudziwa kuti pali tchimo limodzi loposa kuba: kuona mlendo atanyamula katundu, iwe manja ali lende. Bambo awowo anagwira ntchito yonyamula masutikesi kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, kuchokera pa siteshoni ya sitima kukafika ku mahotela, akukoka kangolo kawo pa masitepe a milatho ya kuno ku Venezia, mzinda wa pamadzi wa ku Italiya. Mwana akangoima n'kumayang'ana mayi wachilendo akulimbana ndi chikwama, mbama inkamupeza pakhutu asanadziwe kumene yachokera.

"Manjawo unabadwa nawo kuti uzikongoletsera thupi?" ankatero a Ottavio.

Ana aamuna awiri atakula anapita kukagwira ntchito ku mafakitale a kumtunda, mwambowo n'kuusiya pakhomo. Nerina, mwana wamkazi yekhayo, ndiye anautenga wonse. Lero ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, koma akaona munthu ali wefuwefu ndi katundu, dzanja lake limatambasuka lokha mutu usanalole.

Chinanso chimene anatengera kwa bambo akewo ndi mantha. A Ottavio ankavulira chipewa aliyense wovala yunifolomu, ngakhale wogawa makalata. Nerina naye akaona wapolisi amayamba kufufuza mumtima kuti kodi walakwa chiyani, ndipo akafufuzitsa amapezadi kanthu. Kalata ya boma ikafika imagona masiku atatu pathebulo. Ife oyandikana naye nyumba timamuseka, iye n'kumaseka nafe, koma kalatayo osaitsegula.

Ali mtsikana anatsagana ndi banja lina la kumapiri kukagulitsa ayisikilimu ku Jeremani. Anakhalako zaka zisanu ndi zinayi, n'kubwerako ndi Chijeremani chosalala ndi mkono wopweteka chifukwa chotapa ayisikilimu wouma. Za mwamuna musafunse. Kenako anakhala pa desiki ya hotela ina, akulota ntchito yotsogolera alendo odzaona mzinda. Mayeso ake analephera katatu. Mbiri ya matchalitchi ankaidziwa kuposa ansembe eni ake, koma akangoona oyesa atatu atakhala kuseri kwa thebulo, lilime linkauma gwa. Anadzakhoza kachinayi, imvi zitayamba kale kusuzumira.

Chiphaso chimene anavutikira choncho ndi kakhadi ka pulasitiki kokhala ndi chithunzi ndi nambala, kolendewera pachifuwa. Popanda kakhadi kameneka, mumzinda muno sungaime pabwalo n'kuuza alendo ngakhale dzina la njiwa. Ndi komwe kamadyetsa Nerina ndi bambo ake, amene maondo awo anathera pa milatho, moti papita zaka zinayi osatsika m'nyumba yawo ya pamwamba.

Ndipo Nerina amadziwa mmene kakhadi kotere kamachokera pakhosi pa munthu. Mnzake Gigliola anali wotsogolera alendo wa dzina, wodziwa zinenero zinayi. Chaka china wina anakanena kuti Gigliola amaimitsa dala magulu ake pafupi ndi ogulitsa zikwama za feki, eti kuti azimuponyera kangachepe. Umboni sunapezeke. Koma chiphaso anachigwira kaye pofufuza, kufufuzako kunatha chaka, ndipo pomwe ankamubwezera, makampani onse anali ataiwala nambala ya foni yake. Pano amakhala pakhomo pa zimbudzi zolipira za kumene kumaima mabasi, akugawa mapepala. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'mawa uliwonse Nerina amapititsa alendo ake ku zimbudzi zomwezo asanakwere boti lolowera mumzinda, ndipo awiriwo amapatsana moni osayang'anana m'maso.

Ogulitsa zikwamawo aliyense amawadziwa. Amayala nsalu yoyera m'munsi mwa mlatho, n'kundandalika zikwama zonyezimira zolembedwa mayina a makampani otchuka, zimene zenizeni zake mtengo wake ndi wa galimoto yakale. Pangodya zinayi za nsaluyo pamakhala zingwe. Wina akangoimba mluzu, amakoka zingwezo kamodzi, sitolo yonse n'kusanduka mtolo wa pamsana, mwini wake liwiro la mtondo wadooka. Kuthamangitsa anyamata a miyendo yaitali n'kotopetsa, ndiye maso anatembenukiranso kwa amene sathamanga. Lamulo limati wogula nayenso ndi wolakwa, ndipo chindapusa chake chimatha kuposa mtengo wa ulendo wonse. Mlendo wa masilipasi, kamera ili pakhosi, nanga athawira kuti?

N'chifukwa chake Nerina ankayamba ulendo uliwonse ndi chenjezo. Boti lisanakocheze ankawauza zonse: nsalu zoyera, apolisi ovala ngati anthu wamba, chindapusa. Anachita zimenezi zaka khumi ndi ziwiri, mpaka tsiku limene mayi Dal Zotto, eni kampani imene imamupatsa magulu, anamuimbira foni.

"Nerina, khala pansi ndikuwerengere zimene mlendo wako walemba pa intaneti. Akuti, 'Wotitsogolera anatilandira ndi nkhani ya apolisi, tinkangoona ngati tafika kundende.' Watipatsa nyenyezi ziwiri pa zisanu, Nerina. Ziwiri! Boti lotola zinyalala likhoza kupeza zitatu."

"Koma mayi, ine ndimangowachenjeza kuti..."

"Uziwachenjeza za njiwa ndi masitepe oterera. Anthu alipira kuti adzajambulitse pa mlatho akumwetulira, iwe ukuwalalikira ngati pamaliro. Ndikadzamvanso, magulu a Chijeremani ndimupatsa wina. Ana odziwa Chijeremani ali mbwee, ndipo sadandaula msana."

Munthu wamantha amamvera amene wamuopseza komaliza. Kuyambira tsiku limenelo Nerina ankanena za njiwa ndi masitepe oterera, za nsalu zoyera n'kuzimeza. Miyezi isanu inadutsa popanda kanthu, ndipo anayamba kudziuza kuti mwina mayi Dal Zotto ankanena zoona.

Tsoka silinunkha. Linali Lachinayi lina mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, ngakhale kuti mitengo yoti liswe kuno ndi yowerengeka. Gulu lake linali la okalamba makumi atatu ndi mmodzi a kwaya ya tchalitchi ina ya ku Jeremani, mitu yonse imvi zili mbuu. Pakati pawo panali mayi Waltraud Pohl, aafupi, a miyendo yotupa, oyenda ndi ndodo, amene moyo wawo wonse anaphikira ana pa sukulu ina. Kuyambira m'boti mayiwa anadziphatika kwa Nerina.

"Mwana wanga, Chijeremani chokoma chonchi munachitola kuti? Mukamalankhula ndikumva ngati malemu mng'ono wanga."

"Ndinachitola m'chidebe cha ayisikilimu, mayi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anamunong'oneza kuti mdzukulu wawo wangomaliza sukulu ya unamwino, ndiye akufuna amugulire kanthu koti anzake akaona aziti, ichi ndiye cha ku Italiya. Apa m'pamene pakamwa pa Nerina panayenera kutseguka. Anangoti, "Masitolo ndi ambiri, mayi, mupeza."

Cha m'ma leveni koloko anafika pa kabwalo ka m'munsi mwa mlatho waukulu, pamene Nerina amapatsa alendo mphindi makumi awiri zoti apume. Babacar, mwamuna wamtali wa ku Senegal amene amayala nsalu yake pamenepo, anamuona ndi ambulera yake yachikasu yotsogolera gulu.

"Mayi a ambulera! Lero mwatibweretsera nkhosa zingati?"

"Makumi atatu ndi imodzi, ndipo ndaziwerenga. Usandidyere ngakhale imodzi."

"Ine nkhosa zokalamba sindidya, nyama yake ndi yolimba. Ndimangometa ubweya pang'ono."

Nerina analowa m'kasitolo ka khofi n'kumwa kapu yake ataima, monga timachitira tonse. Akupukuta pakamwa, anaona kudzera pakhomo mayi Waltraud atawerama pa nsalu ya Babacar. Mayiwo anadzuka atagwira chikwama chofiirira cha zilembo zagolide, anamuona Nerina, n'kuchikweza m'mwamba, nkhope yonse ikufunsa kuti, nanga ichi? Wotsogolera alendo nkhope yake imamwetulira yokha, ndi ntchito. Nerina anamwetulira, anagwedezanso mutu. Anaponya maso uku ndi uku, yunifolomu sanaione, ndipo anadziuza kuti ndi kamodzi kokha, mphindi khumi zikatha akhala ali tsidya lina.

Nthawi itakwana anakweza ambulera, gulu linasonkhana, anayamba kukwera mlatho. Masitepe a mlatho umenewo ndi ambiri. Pofika pakati, Nerina anamva kupuma kwa wefuwefu pambali pake. Mayi Waltraud anali ndi ndodo dzanja ili, jumbo ya buluu dzanja ili, ndipo chogwirira cha mlatho analibe nacho dzanja lachitatu.

"Bweretsani kuno, mayi."

Mawuwo anatuluka jumbo ili kale m'manja mwake. Ankadziwa bwino lomwe chimene chinali m'katimo. Akanakhala wotsogolera wina aliyense akanawagwira mkono mayiwo, jumbo n'kuisiya kwa mwini wake, koma mwana wa Ottavio Busetto samafunsa kaye katundu kuti ndiwe yani.

Atangofika pamwamba pa mlatho, mluzu unalira kumunsi. Nsalu zoyera zinanyamuka nthawi imodzi, Babacar ndi anzake zii m'tinjira. Mtsikana wina wa kabudula ndi magalasi akuda, amene m'mawa wonse ankaoneka ngati wasokera ndi mapu ake, anaima kutsogolo kwa Nerina. Pambali pake panali mwamuna wonenepa akumalizitsa kunyambita ayisikilimu. Mtsikanayo anapinda mapu, natulutsa khadi la apolisi a mzinda. Panalembedwa kuti Lorusso.

"Tione nawo zimene zili m'jumbomo, mayi."

Nerina anamva thupi lonse likuchita tsemwe, dzuwa lili pamutu. Anapereka jumboyo ndi manja awiri ngati mwana wa sukulu. Lorusso anatulutsa chikwama, anachitembenuza, ananunkhiza n'komwe, n'kuchipereka kwa mnzake. Kenako anagwira kakhadi ka pachifuwa pa Nerina ndi zala ziwiri, anakakokera kufupi, nawerenga nambala yake mokweza kwinaku akuilemba m'kabuku. Chingwe chinamukoka Nerina pakhosi, ndipo anaweramira kutsogolo kuti chisaduke.

"Wotsogolera alendo, chiphaso chili pachifuwa, feki ili m'manja," anatero wa ayisikilimu uja. "Tsiku labwino ili."

"Si changa, bwana. Ndangonyamulira munthu."

"Onse amatero. Munthu wake uti? Ine ndaona mutu wa imvi ukugula, koma apa mitu ya imvi ndi munda wathunthu."

Nerina sanafunike kuloza. Mayi Waltraud anadzikankha okha kutsogolo, ndodo ikugogoda pamwala, n'kufunsa m'Chijeremani kuti chavuta n'chiyani, chikwamacho ndi chawo, agula ndi ndalama zawo, mayuro makumi atatu, sanabe.

Lorusso anali wa kumwera kwa Italiya, ndipo Chijeremani sankadziwa ngakhale moni. Mnzake uja naye anangokweza mapewa. "Ndiye mutimasulira ndinu," anatero Lorusso kwa Nerina. "Afunseni ngati ankadziwa kuti n'zoletsedwa. Ndipo ndikuuziranitu, ine ndimalemba zonse. Ngati sanauzidwe, ndilemba kuti sanauzidwe, mwina akuluakulu akawachepetsera. Koma ndilembanso kuti woyenera kuwauza anali ndani, ndi kuti katunduyu ndamupeza m'manja mwa ndani. Zotsala akakambirana ndi a ku ofesi ya ziphaso."

Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo pagulu la alendo wamkulu ndi wonyamula ambulera, ngakhale mwanayo akhale wa zaka makumi asanu ndi atatu. Nerina anatembenukira kwa mayi Waltraud n'kuwafunsa funsolo monga linalili. Mayiwo anagwira pachifuwa.

"Zoletsedwa? Mayo ine! Muuzeni mtsikanayu kuti palibe anatiuza. Ine zaka makumi anayi m'khitchini ya sukulu sindinatengepo ngakhale mbatata imodzi. Muuzeni kuti ndinakuonetsani inuyo, munandigwedezera mutu kuti n'chabwino. Inu ndinu wa konkuno, akukhulupirirani. Muuzeni, mwana wanga."

Sankamuneneza ayi. Ankanena ndi mtima woyera, ngati munthu amene wapeza mboni yomuombola. Anthu makumi atatu anali atazungulira, makamera ali lende, onse akuyang'ana pakamwa pa Nerina. Cholembera cha Lorusso chinali chitaima pamwamba pa pepala.

Nerina anaona zonse nthawi imodzi: kalata ya ku ofesi ili pathebulo, mawu a mayi Dal Zotto akukana kuti iwo sanaletsepo munthu kuchenjeza alendo, bambo ake pampando wawo wa pazenera akufunsa kuti lero sukupita kuntchito bwanji. Anaopa kwambiri, kuopa kumene sanaopepo chibadwire. Anatsegula pakamwa m'Chitaliyana.

"Akuti chenjezo analimva m'mawa m'boti, koma chikwamacho chinawakopa. Akuti apepesa."

"Ndiye kuti inu munawachenjeza?"

"Monga mwa masiku onse."

Cholembera chinatsika. Nerina ankamva kukanda kwake papepala kuposa phokoso lonse la pa mlatho. Anadikira kuti wina pagulupo afuule, kapena kuti mlathowo ugumuke, koma palibe chinachitika. Akalewo anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo mayi Waltraud ankangogwedeza mutu kuvomereza mawu amene sankawamva.

Lorusso anatchula chindapusa: mayuro chikwi chimodzi. Chimenechi Nerina anamasulira molondola. Mayi Waltraud anapepesuka, amayi awiri a kwaya n'kuwagwira m'khwapa.

"Chikwi? Imeneyo ndi penshoni yanga ya mwezi wathunthu! Chonde mwana wanga, mupempheni. Muuzeni kuti ndine wamasiye. Muuzeninso kuti sitinauzidwe, mwina sanamvetse."

Chimene Nerina anachita apa ndi chimene chimamuwawa kwambiri akachikumbuka. Anaphatikiza manja ngati wopemphera, anakweza mawu, anapendeketsa mutu, nkhope ili yachisoni, kuti gulu lonse lione kuti akuwachonderera. Koma zimene ankanena m'Chitaliyana zinali zakuti, "Akufunsa ngati angathe kulipira atafika kwawo, ndiponso kuti ndalamazo azitumize bwanji, pa banki kapena pa positi." Lorusso anayankha kuti njira yake yalembedwa kuseri kwa pepala. Nerina anatsitsa manja, natembenukira kwa mayiwo.

"Wakana, mayi. Akuti lamulo ndi lamulo."

Anawapempha pasipoti, anakopera zonse, kenako pepala linaperekedwa kuti asaine. Linali la m'Chitaliyana lokhalokha. Mayi Waltraud anavala magalasi, analiyang'ana kanthawi, n'kulitembenuzira kwa Nerina.

"Palembedwa chiyani apa?"

"Zimene mwanena, mayi."

Anasaina. Dzina lawo linatsetserekera pansi pa mzere. Wa ayisikilimu uja anaika chikwama m'jumbo n'kumanga pakamwa pake. Lorusso anadula nambala ya Nerina m'kabuku ndi mzere umodzi, Nerina akuona.

"Inu pitirizani ntchito yanu. Koma musamanyamule katundu wa anthu musanaone m'kati, mayi. Ukulu wonsewu?"

"Zikomo, bwana. Zikomo kwambiri."

Ulendo unali udakali ndi maola anayi. Nerina anakweza ambulera, anatsika nawo mlatho, anawalowetsa m'tchalitchi, anatchula zaka ndi mayina a ojambula osaphonya ngakhale limodzi, pakuti pakamwa pamadziwa njira ngakhale mwini wake kulibe. Kumbuyo kwake a kwaya ankang'ung'udza kuti dziko lanji lolanga munthu osamuchenjeza. Bambo wina wa mawu a besi anati akafika kwawo ayimba konsati kuti athandize Waltraud. Mayi wina anagwira Nerina paphewa.

"Musadandaule, tonse taona mmene mwamenyera nkhondo. Kamtsikana kaja mtima wake ndi mwala."

Pa chakudya cha masana Nerina sanadye. Anakhala pakona ndi kapu ya madzi, akuyang'ana nkhope imodzi imodzi. Aliyense woitanitsa chakudya ankachita kuloza ndi chala pa pepala. Wina anayesa kunena zikomo m'Chitaliyana, n'kutuluka mawu a Chisipanishi. Mtima unayamba kukhala pansi pang'ono. Palibe wamva, ankadziuza choncho, palibe wamva, ndipo mawa abwera ena.

Itakwana folo koloko anawafikitsa pa doko pamene boti lawo linkadikira kuti liwabwezere ku basi. Ntchito ya Nerina imathera pamenepo. Anaima pa thabwa lokwerera akuwawerenga monga mwa nthawi zonse, aliyense akumugwira chanza. Mayi Waltraud atafika anapachika ndodo pamkono, nagwira nkhope ya Nerina ndi manja awiri. Manjawo anali otentha, okhakhala, a munthu wotsuka mapoto.

"Ndakuvutitsani, mwana wanga. Uchitsiru wanga ukanakuchotsetsani ntchito. Ndinaona mmene anakukokerani chingwe chija, ndinachita manyazi. Ndikafika ndilembera kampani yanu kuti ali ndi munthu wagolide."

"Musavutike, mayi."

"Ndilemba ndithu. Mulungu akusungeni."

Anamupsompsona pamphumi n'kulowa m'boti. Nerina anapitiriza kuwerenga. Makumi atatu. Wotsiriza anali bambo wamtali woonda wa chipewa cha udzu, amene pa mndandanda analembedwa kuti Eckhard Lindner. Tsiku lonse anayenda kumbuyo kwa gulu, manja ali kumsana, osalankhula ndi munthu, moti Nerina ankamuyesa wogontha. Bamboyo anaima pa thabwa, anavula chipewa, n'kuyamba kulankhula Chitaliyana. Chinali Chitaliyana cha m'nyumba, chotafunidwa bwino, cha kalankhulidwe ka kumwera.

"Mzinda wanu ndi wokongola, mayi. Mwatifotokozera bwino."

Nerina anagwira chitsulo cha doko. Madzi a pansi pa thabwa ankaoneka ngati akukwera.

"Mkazi wanga anali wa ku Calabria, kumwera kwa dziko lanu," anapitiriza bambo Eckhard. "Zaka makumi atatu ndi zinayi akundikalipira m'chinenero chanu. Munthu umaphunzira, ungafune usafune."

"Bambo..."

"Ndinaima kumbuyo kwanu pa mlatho paja. Ndinamva za uku, ndinamva za uku."

Woyendetsa boti analiza hutala. Nerina anafuna kunena za mayi Dal Zotto, za bambo ake, za mayeso anayi, koma pakamwa panangotuluka kafunso kamodzi, kakang'ono ngati ka mwana.

"Mukandinenera?"

Bamboyo anazungulitsa chipewa m'manja. Nkhope yake sinali yaukali, ndipo zimenezo zinamuopsa Nerina koposa.

"Ndakhala ndikudzifunsa zomwezo kuyambira m'mawa. Ndinayenera kulankhula pomwe paja. Koma ine ndinakulira kumene munthu ukaona wapolisi umayang'ana nsapato zako, ndiye ndinayang'ana nsapato zanga. Amantha tinalipo awiri pa mlatho paja, musadzione nokha." Anavala chipewa. "Koma Waltraud ndaimba naye kwaya zaka makumi awiri. Ankabweretsera mkazi wanga supu ali m'chipatala. Basi yathu imayenda maola khumi ndi awiri kukafika kwathu, ndipo mpando wanga uli pafupi ndi wake. Sindikudziwa kuti ndikhala chete mpaka pati."

"Chonde, bambo. Ndili ndi bambo anga odwala."

"Ndikukhulupirira. Aliyense ali ndi wake."

Anakwera. Thabwa linakokedwa, chingwe chinamasulidwa, injini inayamba kubangula. Nerina sanachoke. Anaima pomwepo, dzanja limodzi litaphimba kakhadi ka pachifuwa, akuyang'ana mazenera a boti. Pa zenera lachitatu panali mayi Waltraud, akumubayibitsa ndi kampango koyera. Kenako mayiwo anatembenuka, anasuntha pang'ono, n'kumenyamenya mpando wa pambali pawo. Bambo Eckhard anakhala pamenepo.

Boti linali litatalikira mikono ingapo, koma nkhope zinkaonekabe. Nerina anaona mayi Waltraud akuloza ku doko, kenako kwa bamboyo, akuseka modabwa, ndipo ngakhale mawu sankamveka, funso lake linali lodziwikiratu: kodi inu mumadziwa Chitaliyana, nanga mumakambirana chiyani ndi mwana wanga uja? Bambo Eckhard anavulanso chipewa n'kuchiika pamaondo. Anayang'ana Nerina kamodzi kudzera pagalasi, natembenukira kwa mayiwo, n'kutsegula pakamwa. Pamenepo boti linakhota, ndipo zenera lachitatu silinaonekenso.